Mazira a Bilimankhwe a Malume Venansio

Loweruka lapitali tinaika mwala pamanda a amalume, a Venansio Daka, patatha chaka chimwalirireni. Ansembe atafunsa ngati pali wachibale woti anene mawu awiri atatu, tonse tinangoyang'anana. Felesiya, mwana wawo yekhayo, anaweramitsa mutu. Amayi anga, amene ndi mlongo wawo wa malemuwo, anayamba kukonza duku limene linali kale bwinobwino. Ine ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ukanena chiyani? Kuti pano pagona munthu amene anataya mwendo, kenaka moyo, chifukwa cha mazira a bilimankhwe? Pamanda sanena zotere. Tinangoimba nyimbo n'kubwerera kumudzi. Koma chimene ndinameza tsiku limenelo chikadali pakhosi, ndiye lekani ndichilavule pano, mwina wina andithandiza kumvetsa, pakuti ine mutu wanga wakanika.

Amalume sanali amisala, ndiyambe ndi pamenepo. Kwathu kuno ku Madzimoyo, mpaka midzi ya ku Kasenengwa, ukangoti a Daka a mazira, aliyense ankakulozera njira. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa famu ina ya nkhuku kufupi ndi tauni, m'nyumba ya makina oswera anapiye. Atabwerera kumudzi kudzalima thonje ndi nsawa, luso lija anabwera nalo m'manja. Anatenga kabati yakale ya mbale, kuiboola pansi, kuikamo nyale ya palafini, kambale ka madzi ndi sefa ya waya, basi makina awo atheka. Azimayi ankabwera ndi mazira a nkhanga otola kutchire, a abakha, a nkhukundembo. Amalume ankalowa nawo kuchipinda, kutseka zenera, kuunika limodzilimodzi ndi tochi, n'kukuuza kuti ili muli mwana, ili kakazingireni ana. Sindikumbuka tsiku limene anaphonya.

Dzira lililonse ankalilemba ndi pensulo, mtanda mbali imodzi, ziro mbali inayo, kuti adziwe limene atembenuza ndi limene sanatembenuze. Nthawi yake ankayendera belu la kutchalitchi, lomwe ndi chitsulo cha tayala la lole chopachikidwa pamtengo. Likalira m'mawa, masana ndi madzulo, Akhristu amaima n'kupemphera Mngelo wa Ambuye. Nawo ankapemphera, koma manja ali m'kabati. Ankati dzira lili ngati wodwala wa pamphasa, ukapanda kumutembenuza amatuluka zilonda. Ankatinso kutembenuza n'katatu pa tsiku, osati kawiri, kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi masiku onse. Dzira losatembenuza limasukusa, mawu amenewa ndinawamva kuyambira ndili kamtsikana mpaka ndinamera imvi zanga zoyamba. Pamaliro, paukwati, ngakhale pa msika wa thonje, belu likayandikira mumangoona a Daka akwera njinga. Akazi awo, malemu a Gaudensiya, ankaseka kuti anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi kabati.

Bilimankhwe anabwera a Gaudensiya atamwalira kale. Tsiku lina amalume anachokera kumunda kumene ankapopera mankhwala thonje, chipewa chili m'manja m'malo mokhala kumutu. Ine ndinali pakhonde pawo ndikusenda nsawa. Ndinayesa atola bowa, ndipo nditasuzumira ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Munali bilimankhwe, wakuda bii, miyendo ili lende, atamwa utsi wa mankhwala aja. Anamutsuka ndi madzi ofunda ngati khanda, kumuika pamtengo wa gwafa umene uli pafupi ndi khonde, n'kukhala pampando kumuyang'anira. Patapita masiku atatu anabiriwira. Anamutcha dzina loti a Dona, ati chifukwa cha mayendedwe, phazi limodzi kutsogolo, kuganiza kaye, kenaka linalo, ngati dona wovala nsapato za gogoda pamatope.

Inu mukudziwa mmene timachitira ndi kanyama kameneka kuno. Kakadutsa panjira timalambalala, ena amalavula, ena amabwerera kumene. Amalume ankagwira ziwala m'mawa uliwonse n'kumazipereka pa kamtengo, a Dona n'kumazitola ndi lilime lawo lija. Ankawaza madzi pamasamba, ati a Dona samwera m'mbale. Masana mumawapeza awiriwo pakhonde, wina pampando, wina paphewa. Ana anasiya kuba magwafa. Azimayi obwera ndi mazira ankaimira kutali, kumsewu uko, n'kumaodira mokweza.

Chifukwa chake chenicheni sindikuchidziwa mpaka lero, ndipo musandifunse. Amayi anauzidwa kuti a Dona amatha ntchentche. Akatekisiti anauzidwa kuti Fransisko Woyera nayenso ankacheza ndi zinyama, ndipo palibe amene anamuitanira kubwalo. Felesiya anauzidwa kuti pakhomo pamafunika wina wosalongolola. Ine tsiku lina anandiuza zina. Anati ali anyamata kubusa, akagwira bilimankhwe ankamukanula kukamwa n'kuthiramo fodya wa mphuno, n'kumaseka akuda, akupindika, mpaka kufa. Anatinso zaka zonse zimene anapopera thonje ankawaona ali gonegone m'mizere, osalabadira. Ananena zimenezi akuyang'ana kumtengo, nkhope ili ndwii. Nditati ndiyankhe, anaseka n'kunena kuti akungondinamiza, ndipitirize kusenda nsawa. Kaya zoona zinali ziti.

Mkangano waukulu unali ndi amayi. Awiriwa anakangana moyo wawo wonse, za malire a dimba, za amene agogo ankamukonda kwambiri, za nyimbo yoyenera pa Paskha, koma uwu unaposa yonse. Amayi ankati bilimankhwe saikira mazira. Akakhala ndi pakati amakwera pamwamba pa mtengo, kudzigwetsa pansi, kuphulika, ana n'kubalalika, ndipo zimenezi anawauza ndi agogo awo amene sankanama. Amalume ankati iwo apapasa mimba ya a Dona ndi chala, ndipo chala chawo chimadziwa dzira ngakhale mumdima. Amayi ankati chala chimenecho chidzawola. Ankasiyana osatsanzikana, m'mawa mwake amayi n'kutumiza ndiwo, mkangano n'kuyambira pomwe unalekera.

Tsiku limene mudzi wonse sudzaiwala linali Lachinayi lina kumapeto kwa Malichi. Mapemphero a mphakati, kagulu kathu ka Akhristu a m'mudzi, anali kunyumba kwa amalume, ndipo anthu anabwera ndithu, koma mphasa anayala kutali ndi gwafa. Akatekisiti ali pakati powerenga Mthenga Wabwino, amalume anaimirira n'kukweza dzanja kuti tikhale chete. Tinayesa agwidwa ndi Mzimu. Ayi, ankaloza kumtengo. A Dona anali kutsika, mimba ili tuu, mpaka anafika pansi, pamene pamadutsa madzi ochokera kubafa, n'kuyamba kufukula dothi ndi timanja tawo tija. Azimayi atatu ananyamula mphasa n'kumapita osalandira dalitso. Akatekisiti anatseka buku chala chili m'kati, osadziwa ngati apitirize. Amayi anapinda manja pachifuwa n'kunena kuti iwo sachoka, adikira kuphulikako.

Anadikira mpaka dzuwa kulowa, a Dona akukumbabe, mchira wokha ukuoneka. M'mawa mwake amayi anabweranso ndi kampando kawo. Cha m'ma teni a Dona anatuluka ataphwa, nthiti zili pamtunda, n'kuyamba kukwirira dzenje, kupondaponda, kukokerapo timasamba, kenaka n'kukwera mumtengo osacheuka. Amalume anagwada, kufukula ndi supuni pang'onopang'ono, n'kutulutsa timazira toyera, tating'ono ngati nsawa zosenda, tofewa. Anadzaza mbale, opitirira makumi atatu, n'kukaiika pamiyendo pa mlongo wawo. Amayi anayang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu si bilimankhwe weniweni," anatero, n'kunyamula kampando kawo.

Amalume akanalekera pomwepo, bwenzi lero tikuseka nawo nkhani imeneyi. Mkangano anali atapambana. Koma munthu wa mazira wapatsidwa mazira, mukuti akanatani? Anati dzira ndi dzira. Anasongola pensulo ndi lezala, kulemba timitanda ndi timaziro pa tinthu tofewa tija lilime lili kunja, n'kuyatsa nyale ya m'kabati. Anadikira masiku makumi awiri ndi limodzi monga a nkhuku. Ziii. Anati mwina ndi ngati a nkhanga, n'kuwonjezera sabata. Kenaka anati ngati a bakha, n'kuwonjezera ina. Pomwe ankatsegula kabati komaliza, onse anali atafota ngati masau ouma. Anaimba mlandu palafini, ati wa masiku ano ngwosakaniza. Pambuyo pake anati ayi, vuto n'lakuti a Dona analibe mwamuna wodalirika.

Mvula itayamba anayendayenda m'madimba sabata yathunthu mpaka anabwera ndi wamphongo m'chipewa chomwe chija. Anatiuza kuti anapita kukafunsira. Mkamwiniyo anakhala masiku anayi mumtengo n'kuthawa, ndipo amayi anati ndiye yekhayo wanzeru pakhomopo.

M'chaka chomwecho ndi mmene bala linayamba. Chitsa chinawakanda pa phazi lakumanzere kumunda, kabala koti mwana sangalire nako, koma sikankapola. Amayi anati ndi a Dona, aliyense amadziwa kuti malovu a bilimankhwe akakukhudza chilonda sichiuma. Ku kiliniki anati ndi shuga. Anawapatsa mankhwala ndi mabandeji, ndipo bala litayamba kudya mnofu anawalembera kalata yoti akagonekedwe kuchipatala chachikulu ku Chipata, masabata awiri kapena atatu, akalitsuke bwino. Kalatayo inafika nthawi yolakwika, chifukwa a Dona anali ataikiranso. Amalume anaipinda n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Ulendo uno anati aphunzirapo. Nyale anaisiya, ati inawawotcha. Anatenga beseni, kudzazamo mchenga wa kumtsinje wonyowa, kuyalapo mazira, pambali n'kuika botolo la madzi otentha lokulunga m'sokosi. Kutembenuza kokha ndiko sanasinthe, katatu, belu ndi belu. Ena anachita nkhungu, iwo n'kumapukuta ndi nthenga. Ena anayamba kutupa, ndipo tsiku limenelo anandiitana ndili kuchigayo kuti ndidzaone. Akaunika ndi tochi munkangooneka kufiirira, osadziwika ngati ndi moyo kapena kuwola. Munthu amene ankauza mudzi wonse za mazira awo tsopano ankandifunsa ine kuti, iwe Sesiliya, ukuonapo chiyani apa? Ine ndinkaona mchenga. Mwezi unatha, wachiwiri, wachinayi, chisanu chinadutsa, phazi likutupa mpaka jombo inasiya kulowa.

Felesiya amakhala m'tauni, ku Kapata, amasoka zovala. Atatopa ndi kuchonderera pa foni anabwera ndi takisi mpaka pakhomo. Tinadabwa kuona amalume osakana. Analowa m'nyumba, kuvala jekete la ku Misa, n'kutuluka akutsimphina, beseni lili m'manja lovundikira ndi nsalu ya tebulo. Anakhala kutsogolo, beseni pamiyendo. Dalaivala anafunsa mwaulemu ngati ndi kamba wa kuchipatala, ndipo atamva chimene chinalimo anatuluka m'galimoto yake yomwe n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Anati katunduyo sanyamula ngakhale amupatse ng'ombe.

Pamenepo Felesiya anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga zimene anafufuza. Anati olemba akuti mazira a bilimankhwe satembenuza ayi, ndipo ena amatenga miyezi isanu ndi inayi kapena kuposa. Amalume anafunsa ngati bilimankhwe wasanduka munthu kuti azitenga miyezi isanu ndi inayi. Anafunsanso ngati wolembayo anaswetsapo ngakhale kamwanapiye kamodzi. Felesiya anapitiriza kuwerenga, koma foni nayo inayamba kudzitsutsa. Apa akuti muwafunditse, apo akuti muwaziziritse kaye, pena akunena za mitundu ya kunja imene sitinaionepo, mpaka mwini wake anasokonezeka n'kuithimitsa. Ndiulule pano kuti tsiku limenelo ine ndinali mbali ya amalume. Zaka makumi anayi za mazira, n'kugonja kwa kafoni? Ndinanena mokweza kuti ngakhale nkhuku imatembenuza mazira ake, nanga a Dona ndi ndani. Mawu amenewo amandiwotcha mpaka lero.

Felesiya anagwada pafumbi pafupi ndi chitseko cha galimoto, misozi ili chuchuchu.

"Atate, sankhani. Mwendo kapena mazira?"

"Miyendo ndili nayo iwiri, mwanawe," anatero amalume, n'kutuluka ndi beseni lawo chifukwa belu la masana linali litayamba kulira.

Takisi inabwerera ndi Felesiya yekha. Amayi anatsatira mlongo wawo mpaka pakhonde akuwauza kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Iwo anayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kutseka chitseko.

Kutentha kwa Novembala kunamaliza mazira otsala aja. Lomaliza analing'amba ndi lezala ine ndikuona, ndipo munangotuluka timadzi tonunkha. Anakhala nalo m'manja mpaka madzulo. Anandifunsa kuti walakwitsa pati munthu amene sanaphonyepo belu ngakhale limodzi. Sabata yotsatira anachotsa kalata ija pansi pa tebulo n'kupita okha pa minibasi. Anabwerako atadulidwa zala ziwiri za kuphazi, atauzidwa kuti anachedwa ndipo azipita mwezi ndi mwezi. Anapitako kawiri.

Mu Epulo a Dona anatsikanso kachitatu, pamalo pomwe paja. Anaikira n'kukwirira dzenje, koma mumtengo sanathe kukwera. Patapita masiku awiri amalume anawapeza pansi atauma, ali mbuu. Anawakulunga m'kampango n'kuwakwirira kuseri kwa nyumba, osaitana munthu. Kenaka anafukula mazira aja n'kuwaika m'phale, pamodzi ndi dothi la m'dzenje momwemo, ati mwina mchenga wa kumtsinje ndiwo unali wachilendo. Anandiuza kuti awa ndi omaliza, ena sadzakhalaponso. Anawatembenuza masiku khumi. Tsiku lotsatira belu la m'mawa linalira chitseko chawo chili chotsekabe, ndipo ndinadziwiratu kuti zinthu zavuta. Tinawapeza thupi lili moto, mwendo utada mpaka m'bondo. Tikuwakweza m'ngolo kupita nawo kumsewu, anandigwira pamkono mwamphamvu yoti sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Sesiliya, katatu pa tsiku. Mtanda, ziro, mtanda. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Nanga munthu ali m'ngolo ungamukanire?

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Belu la masana litalira ndinalowa m'nyumba muja, kugwada pa phale, n'kukhudza limodzi. Linali lofewa ngati chikope cha munthu, ndipo ndinabweza dzanja msanga. Zaka zonsezi ndinkangoonera patali, ndinali ndisanagwirepo. Ndinayesa ndi supuni, limodzi n'kugubuduka, ndipo sindinadziwenso kuti linali pa mtanda kapena pa ziro. Madzulo ndinaima pakhomo osalowa. Tsiku lachitatu ndinanyamula phale lija kupita nalo pansi pa gwafa. Dzenje la a Dona linali lotsegulabe. Ndinatsetserezamo mazira ndi dothi lake lomwe, kukwirira ndi manja, kuvundikirapo dengu lobooka kuti nkhuku zisafukule, n'kukasamba m'manja ndi sopo katatu. Sindinauze munthu. Mumtima ndinati ndawaika m'manda, zatha.

Kuchipatala anawadula mwendo pamwamba pa bondo. Ndinkapita Lamlungu lililonse ikatha Misa, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi funso linali limodzi.

"Watembenuza?"

"Eya, malume."

Ankafunsa ngati akutupa, ine n'kuti akutupa. Nkhungu? Palibe. Bodza likayamba limafuna anzake. Ndinayamba kuwonjezera zanga, kuti awiri a kumphepete atupa kuposa ena, kuti ndinaunika ndi tochi n'kuona timitsempha. Nkhope yawo inkawala, phala limene anakana m'mawa n'kulimwa. Ankauza odwala anzawo m'chipindamo kuti mphwa wawo akuwasungira chuma kumudzi. Felesiya ankandiyang'ana ndi maso othokoza, ine n'kumayang'ana pansi. M'minibasi pobwerera ndinkalumbira kuti Lamlungu likudzalo ndinena zoona, koma ndikafika n'kuona bulangete lija litaphwa mbali imodzi, pakamwa pankanena zake.

Atawatulutsa anakakhala kwa Felesiya, ndipo kumudzi sanabwererenso. Mu Julaye, kukuzizira, ndinawapeza atawagoneka pakhonde kuti awothere dzuwa. Anali atachepa kwambiri. Anafunsa mafunso awo onse, ine n'kuyankha monga mwa masiku onse. Anawerenga miyezi ndi zala n'kupeza kuti yakwana itatu popanda lowola ngakhale limodzi, zimene kwa iwo sizinachitikepo. Kenaka anatembenuzira mutu kwa ine.

"Iwe uli ndi dzanja, Sesiliya. Tandiuza, ukuchita chiyani chimene ine sindinkachita?"

"Palibe, malume. Ndikungochita monga munandiphunzitsira."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa yankho losakwana koma alibe mphamvu yofunsanso. Anamwalira Lachisanu la sabata yomweyo.

Mu Januwale, mvula itagwa masiku atatu, amayi anandituma kukalambula panyumba paja kuti pasasanduke tchire. Dengu lija chiswe chinali chitalidya, langotsala mkombero. Ndikuti nditukule khasu, ndinaona udzu ukugwedera popanda mphepo. Nditawerama ndinaona kanthu kobiriwira, kochepa kuposa chala changa chaching'ono, katagwira udzu ndi timanja, maso akuzungulira. Kenaka kena, kenanso, pa udzu, pa mkombero wa dengu, pa tsinde la gwafa, tonse tikuyenda mayendedwe a mayi wawo, phazi limodzi, kuganiza kaye, kenaka linalo. Ndinawerenga mpaka khumi ndi asanu ndi anayi n'kusokonezeka. Ndinakuwa n'kukhala pansi pamatope ndi chitenje changa chabwino.

Amayi atamva kukuwa kwanga anabwera akuthamanga, poyesa kuti ndalumidwa ndi njoka. Anaima n'kuyang'ana. Thadzi lina linayamba kuyandikira likupendeketsa mutu. Amayi, amayi omwe aja a malovu ndi kuphulika, anavula duku n'kuyamba kulithamangitsa nalo mpaka kumsewu. Pobwerera anali akulira.

"Alongo, taonani zinthu zanu," anatero, akuyang'ana kumpando wopanda munthu.

Madzulo ake ndinaimbira Felesiya. Poyamba anasangalala, n'kunena kuti ndiye atate ankanena zoona, chofunika chinali kupirira basi. Ndikanatha kusiya pomwepo, koma ndinali nditatopa. Ndinamuuza zonse, za supuni, za dzenje, za Lamlungu lililonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, ndiye kuti akanangowasiya pansi chaka choyamba chija, n'kupita kuchipatala. Sanamalize. Kuyambira tsiku limenelo sanaitchulenso nkhaniyi, ndipo Loweruka pamanda tinaima phewa ndi phewa, tikuimbira m'buku limodzi. Sindidziwa ngati amandiimba mlandu kapena amandithokoza.

Nanenso sindidziwa. Ndikanasunga lonjezo, mwina bwenzi onse atawola monga enawo. Ndikanawauza amalume zoona ali kuchipatala, ndikuwadziwa, akanakwawa ndi mwendo umodzi kudzawafukula. Ndikanakhala chete tsiku la takisi lija, kaya akanamvera foni. Ndipo funso lawo lomaliza linali ndi yankho, yankho lalifupi, ndinali nalo m'kamwa, kungoti nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndi yankho. Ndinapita nazo kokalapa nthawi ya Lenti. Ansembe anamvetsera, kundibwereza kawiri kuti amvetse bwino kuti mazira ake ndi a chiyani, n'kunena kuti bodza ndi bodza ndithu. Kenaka anafunsa chapansipansi kuti anaswa angati.

Nyumba ija ikadali yotseka, ndipo makiyi ali ndi ine. Kabati tinaitulutsa pakhonde chifukwa m'kati inkanunkhitsa palafini, ndipo thadzi la oyandikana nawo lapezamo pofungatira, limatembenuza lokha mazira ake ndi mlomo. Pensulo ikulendewera pa msomali ndi kachingwe kake. Tiana tija tambiri tinabalalika, tina akabawi anatola, koma mu gwafa mwatsala atatu amene akula ndithu, ndipo magwafa akungogwa okha n'kuwolera pansi chifukwa ana sanabwererebe. Pamene panali dzenje pamera udzu, ndipo ndikamalambula ndimapalambalala. Belu likalira masana nkhuku zokha ndizo zimatukula mitu. Mpando wa amalume uli pomwe paja, wayamba kusweka ndi dzuwa. Pansi pake pali jombo zawo, zonse ziwiri.